Kunyamula thirakitala pa ngolo: kulemera kwake, poimika ndi kamangidwe ka matcheni

Thirakitala ikakhala m'munda imaoneka ngati chinthu chosasunthika chisawawa. Ndi yolemera, matayala ake ndi a mano akuluakulu, ndipo ikaima yaima. Maganizo amenewa ndi amene amapusitsa anthu akaikweza pa ngolo, imene ena amaitcha thirela. Ikakhala pamwamba pa ngolo, thirakitala ndi katundu wovuta kuposa matumba a simenti olemera chimodzimodzi. Ndi yaitali m'mwamba, kulemera kwake kwambiri kuli kumbuyo, ili ndi mawilo oti angathe kugudubuka, komanso mathirakitala ambiri alibe masipuling'i, choncho pa bampu iliyonse imanjanja pa mpweya wa m'matayala ake ngati mpira. Ngozi zambiri za pa ntchitoyi zimachokera pa chimodzi mwa zinthu zimenezi, ndipo zambiri zimakhala zitalakwika kale galimoto isanatuluke pa geti.

Sikelo kaye, matcheni pambuyo

Kulemera kolembedwa m'buku la thirakitala nthawi zambiri ndi kwa thirakitala yopanda kanthu, monga inatulukira ku fakitale. Massey Ferguson 135 yakale ija imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka ikakhala choncho. Koma thirakitala yogwira ntchito siikhala yopanda kanthu. Alimi ambiri amathira madzi m'matayala akumbuyo kuti azigwira bwino nthaka, ndipo tayala limodzi la thirakitala yapakatikati limamwa malita 150 mpaka 300. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo akasakaniza ndi mchere wotchedwa calcium chloride amalemera kuposa pamenepo. Madziwa saoneka ndi maso, n'chifukwa chake amaiwalika. Mukafuna kudziwa ngati alimo, sunthani thirakitala mpaka vavu ya tayala ifike pansi, kenako dinani kansonga kake pang'ono. Ngati alimo, chala chanu chinyowa.

Tiyerekeze thirakitala imene buku lake likuti makilogalamu 2,400. Ili ndi chonyamulira cha kutsogolo, chija ambiri amangoti loda, cholemera 550 pamodzi ndi baketi yake. M'matayala akumbuyo muli malita 200 mbali iliyonse, ndiye kuti 400. Kumbuyo kwakolekedwa pulawo ya 350. Tafika pa makilogalamu 3,700, tisanawerengere dizilo, zitsulo zolemetsa za kutsogolo ndi dothi lomatirira. Amene anangowerenga buku waphonya ndi 1,300. Njira yotsimikizika ndi imodzi: kupita nayo pa sikelo yoyezera magalimoto ili ndi zonse zimene inyamulidwe nazo.

Pa mphuno ya ngolo, chakufupi ndi polumikizira, pamakhala kachitsulo kokhomedwa kolembedwa GVM kapena GVWR. Nambala imeneyi si katundu amene ngoloyo inganyamule ayi, koma kulemera kwa ngolo ndi katundu wake zonse pamodzi. Ngolo ya GVM 3,500 imene payokha imalemera 900 imanyamula 2,600 basi. Thirakitala yathu ija yaposa ndi 1,100. Ikhoza kukwanapo bwinobwino m'litali ndi m'lifupi, ngolo n'kunyamuka, koma ekiselo imapindika pang'onopang'ono, matayala amatentha m'mbali mpaka kuphulika, ndipo mabuleki amakhala akulimbana ndi katundu amene sanapangidwire.

Ngolo yoyenera apa ndi yokulirapo, mwachitsanzo ya GVM yopitirira 6,000, yomwe payokha ingalemere cha m'ma 1,500. Koma ndiye kuti galimoto ikukoka matani 5.2. Mapikapu ambiri apakatikati amaloledwa kukoka osapitirira makilogalamu 3,500, ndipo kampira kachitsulo ka mamilimita 50 kamene amakokera kali ndi malire omwewo. Injini ikhoza kukoka ndithu. Vuto ndi kuima ndi kukhota, chifukwa ngolo ikalemera kwambiri kuposa galimoto, imene imalamula ndi ngoloyo. Katundu wotere ndi wa lole, kapena wa pikapu yaikulu yokhala ndi cholumikizira cha gooseneck, chimene chimakhala m'bodi pamwamba pa ekiselo yakumbuyo. Kupatula pulawo ndi loda kuti zipite ulendo wina kumathandiza, ngakhale kuti pa chitsanzo chathuchi 2,800 yotsalayo ikadali yoposa ngolo yaing'ono ija.

Ngolo yonyamula thirakitala iyenera kukhala ndi mabuleki akeake ogwira ntchito pa mawilo onse. Ku Europe lamulo limafuna mabuleki pa ngolo iliyonse yopitirira makilogalamu 750, ndipo palibe thirakitala ya kumunda imene ingatsike pamenepo. Kampira kokokera kafanane ndi kamwa la cholumikizira cha ngolo: kulipo ka mamilimita 50, ka mainchesi 1 7/8, 2 ndi 2 5/16. Cholumikizira chachikulu chikavalidwa pa kampira kakang'ono chimaoneka ngati chatseka, koma pa bampu yoyamba chimavuka. Mukatseka, kwezani mphuno ya ngolo ndi jeke wake: ngati kumbuyo kwa galimoto kukukwera limodzi, chagwira. Matcheni awiri oteteza apingasane pansi pa mphuno kuti ikavuka igwere pamenepo, osati pa tala. Kachingwe komanga mabuleki ngolo ikavuka kakolekedwe pa galimoto penipeni, osati pa matcheniwo. Matayala muwapope ali ozizira, ndipo muone zaka zake. Pa tayala pamakhala manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Matayala a ngolo amakalamba ali chiimire, mano akadali atsopano koma m'mbali mutang'ambikang'ambika.

Yezaninso m'lifupi, kuchokera kunja kwa tayala lakumbuyo kufika kunja kwa linzake. Ngolo zambiri zokhala ndi madigadi m'mbali zili ndi mpata wa pafupifupi mamita 2.1 pakati pa madigadiwo. Tayala lolendewera theka kunja kwa ngolo si lokwera. Matabwa apansi muwabaye ndi sikuludiraiva, makamaka m'mphepete mwa mabawuti: thirakitala imaika kulemera kwake konse pa malo anayi aang'ono, ndipo thabwa lofumbwa limathyoka pomwepo.

Pa makwerero

Mphindi ziwiri zokweza ndi zimene zili zoopsa kwambiri pa ulendo wonse. Malo akhale osalala, olimba, osapendekeka ngakhale pang'ono cham'mbali. Ngolo ikhale yolumikizidwa ku galimoto, zonse zili mu mzere umodzi, handibuleki itamangidwa.

Koma handibuleki yokha si yokwanira, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna. Taonani chimene chimachitika matayala a thirakitala akangoponda mchira wa ngolo. Mchirawo umatsika, ekiselo ya ngolo imakhala ngati pakati pa katungwe, mphuno imakwera m'mwamba n'kunyamula kumbuyo kwa pikapu. Matayala akumbuyo a pikapu amapepuka, nthawi zina mpaka kusiya nthaka. Tsono handibuleki ndi giya zimagwira matayala akumbuyo omwewo. Akutsogolo ndi omasuka. Ngati malowo ndi otsetsereka pang'ono, pikapu, ngolo ndi thirakitala zonse zimayamba kuyenda, m'galimoto mulibe munthu, woyendetsa ali pa mpando wa thirakitala akungoyang'ana. Choletsa n'chosavuta: ikani zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala a ngolo, tchingiraninso matayala akutsogolo a galimoto, ndipo pansi pa mchira wa ngolo ikanipo miyendo yake yochirikiza kapena matabwa okhuthala osanjikizana. Siyani kampata ka masentimita angapo pakati pa matabwawo ndi ngolo, chifukwa katundu akakwera ngolo imatsika, ndipo mukathina kwambiri simudzatha kuwasolola. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi, zimaphwanyika mwadzidzidzi.

Makwerero akhale okolekedwa ku ngolo ndi ngowe kapena mapini, osati ongotsamiritsa. Tayala lakumbuyo la thirakitala likazungulira limakankhira chokwerera kumbuyo, ndipo chosakoleka chimafwamphuka. Kupendekeka kwabwino ndi madigiri 15 kapena kucheperapo. Ngolo yotalika masentimita 60 kuchokera pansi imafuna makwerero a mamita pafupifupi 2.3, ndipo ya mita imodzi imafuna pafupifupi mamita 3.9. Palani matope pa matayala ndi pa makwerero. Chitsulo chonyowa chokhala ndi dothi lamakande chimaterera ngati sopo, ndipo mano a tayala la thirakitala anapangidwira dothi, pa chitsulo amagwira ndi nsonga zokha.

Musanakwere, lumikizani mapedulo awiri a mabuleki ndi kachitsulo kake. M'munda amagwira padera kuti thirakitala izikhota msanga, koma pa makwerero kuponda limodzi lokha kumatembenuza thirakitala n'kuigwetsera kumbali. Ngati ndi ya 4WD, yokoka ndi mawilo onse anayi, ilowetseni. Sankhani giya yotsikitsitsa, injini ilire pang'onopang'ono, ndipo mukayamba kukwera musasinthe giya, musapondenso kilatchi. Mukaponda kilatchi thirakitala imabwerera, munthu amachita mantha n'kuisiya mwadzidzidzi, ndipo matayala akumbuyo akagwira, mphamvu ya injini imanyamula kutsogolo kwa thirakitala m'malo moiyendetsa. Thirakitala yogadabuka chagada imafika posabwereranso m'magawo atatu mwa anayi a sekondi, ndipo pakutha sekondi imodzi ndi theka imakhala itagwa kale. Palibe amene angadumphe pa nthawi imeneyo. Chitsulo choteteza woyendetsa, chotchedwa ROPS, chikhale choimika ndipo lamba wa pa mpando amangidwe. Ngati chiyenera kupindidwa chifukwa cha kutalika, chipindeni thirakitala itaima kale pa ngolo.

Kodi ikwere chamtsogolo kapena chambuyo? Lamulo la pa chitunda n'loti mbali yolemera iyang'ane kumtunda. Thirakitala yopanda loda, makamaka yokhala ndi pulawo kumbuyo, ndi yolemera kumbuyo, choncho kukwera chambuyo kumachotseratu ngozi yogadabuka ija. Yokhala ndi loda imakwera bwino chamtsogolo, baketi ili m'munsi mongokwanira kusagunda ngolo. Koma pali mfundo ziwiri zina zimene zingasinthe chisankhochi. Choyamba ndi mmene kulemera kukhalire pa ngolo. Chachiwiri ndi mphepo: zitseko, mawindo akumbuyo ndi madenga a pulasitiki anapangidwira mphepo yochokera kutsogolo pa liwiro la thirakitala, ndipo ikayang'ana kumbuyo pa liwiro la pamsewu, mphepo imalowa pansi pa denga n'kulikanganula. Ikakwera chambuyo, zimenezi zimangidwe kapena zichotsedwe.

Wolondolera akhale mmodzi, aime chapatali kumbali kumene woyendetsa akumuona, osati pa ngolo kutsogolo kwa thirakitala. Anthu atatu ofuula zosiyana amasokoneza kuposa kusowa wolondolera. Thirakitala yakufa ikwezedwe ndi winchi, pang'onopang'ono, wina akutsatiza zipika kumbuyo kwa matayala ataima kumbali. Kumbukirani kuti injini ikazima, chiwongolero cha hayidiloliki chimalimba kwambiri.

Masentimita khumi

Poimika thirakitala si pamene yakwanira, koma pamene kulemera kwagawika bwino. Pa ngolo yokokedwa ndi kampira ka kumbuyo, mphuno iyenera kusenza 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera konse kwa ngolo ndi katundu. Pa gooseneck ndi 20 mpaka 25 peresenti. Pa matani 5.2 aja, 10 mpaka 15 peresenti ndi makilogalamu 520 mpaka 780, pamene mapikapu ambiri apakatikati amaloledwa osapitirira 350 pa kampira. Apanso masamu akukana galimoto yaing'ono.

Thirakitala ikakhala kumbuyo kwambiri, mphuno imapepuka ndipo ngolo imayamba kugwedeza mchira. Pa liwiro lochepa simumva kanthu. Mukafika liwiro linalake, lole ikakudutsani kapena mukakhotetsa chiwongolero pang'ono, ngolo imapita kumanzere, kubwerera kumanja mopitirira, ulendo uliwonse mokulirapo, mpaka kukokera kumbuyo kwa galimoto kunja kwa msewu. Thirakitala ikakhala kutsogolo kwambiri, kumbuyo kwa galimoto kumaphwathalala, matayala akutsogolo amapepuka, chiwongolero chimakhala ngati chikuyandama ndipo mabuleki akutsogolo, amene amagwira ntchito yaikulu, amachepa mphamvu. Mwa ziwirizi, choopsa kwambiri ndi mphuno yopepuka.

Chimene ambiri sayembekezera ndi kuchepa kwa mtunda umene umasintha zinthu. Ngati kuchokera pa kampira kufika pakati pa maekiselo a ngolo pali mamita 4.5, kusuntha thirakitala ya makilogalamu 3,700 ndi masentimita 10 okha kumasintha kulemera kwa pa mphuno ndi makilogalamu oposa 80. Masentimita 30 ndi pafupifupi 250. Pakati pa kulemera kwa thirakitala ya 2WD, yokoka ndi mawilo akumbuyo okha, pamakhala kutsogolo pang'ono kwa ekiselo yakumbuyo, chapafupi ndi pamene pamaponda mapazi a woyendetsa, ndipo malo amenewo ndi amene ayenera kukhala kutsogolo pang'ono kwa pakati pa maekiselo a ngolo. Popanda sikelo, yezani ndi tepi kutalika kwa madigadi a galimoto, kutsogolo ndi kumbuyo, musanakweze ndiponso mutakweza. Kumbuyo kutsike moonekera, kutsogolo kusakwere kwambiri, ngolo ikhale yowongoka. Ngati kumbuyo sikunatsike n'komwe, thirakitala isendere kutsogolo. Mukapeza malo abwino, lembani ndi penti pa matabwa pamene tayala lakumbuyo laima. Muonenso kuti mpata wa kumanzere ndi wa kumanja ndi wofanana.

Ikaima, tsitsani loda ndi pulawo mpaka zikhale pa matabwa, zimitsani injini, kenako gwedezani mikono ya hayidiloliki mbali zonse kuti mphamvu ya mafuta ithe. Chida chosiyidwa m'mwamba chimatsika chokha panjira, ndipo tcheni chimene chinali chokungika chimakhwepa. Mangani handibuleki, lowetsani giya yotsika, chotsani kiyi. Pa mathirakitala a hydrostatic, amene mawilo ake amayendetsedwa ndi mphamvu ya mafuta a hayidiloliki, giya siigwira injini ikazima, imangotsetsereka pang'onopang'ono, choncho buleki ndi zipika ndiye zonse. Paipi ya utsi ivindikireni kuti mvula isalowe.

Matcheni

Galimoto ikamanga mabuleki mwamphamvu, katundu amakankhira kutsogolo ndi mphamvu yofika magawo 8 mwa 10 a kulemera kwake. Cham'mbali ndi chakumbuyo ndi theka. Malamulo a ku United States komanso muyezo wa ku Europe wa EN 12195-1 amagwiritsa ntchito manambala omwewa. Pa thirakitala yathu, ndiye kuti makilogalamu 2,960 akufuna kulowa m'galimoto kudzera pa windo lakumbuyo. Mabuleki a thirakitala amathandiza pa matabwa ouma, koma pa chitsulo chonyowa cha matope, thirakitala ikunjanja, musawawerengere.

Si tcheni chilichonse chomangira katundu. Choyenera ndi cha Grade 70, chimene nthawi zambiri chimakhala chachikasu ngati golide ndipo pa mphete zake zina pamadindidwa 7, 70 kapena 700. Cha mamilimita 8 chimaloledwa makilogalamu 2,130, cha 10 chimaloledwa 2,990, cha 13 chimaloledwa 5,130. Tcheni wamba cha Grade 30 cha mamilimita 10 omwewo chimaloledwa 1,200 okha, ndipo malamulo a ku United States amati tcheni chopanda chidindo chiziwerengedwa ngati cha Grade 30. Nambala yofunika ndi WLL, malire ogwirira ntchito, osati mphamvu yodukira imene ogulitsa amakonda kulemba ndi zilembo zazikulu. Pa tcheni cha Grade 70 yodukirayo ndi kuwirikiza kanayi WLL, ndipo pa malamba nthawi zambiri ndi katatu. Mpata umenewo si wanu, ndi wa mabampu ndi kutha kwa chitsulo. Chokungira tcheni, ngowe, shako (chitsulo chopindika ngati U chotsekedwa ndi pini) ndi mphete ya pa ngolo zonse zili ndi malire akeake, ndipo chofooka kwambiri ndi chimene chimaweruza. Tcheni cha 2,990 chokoledwa pa kachitsulo kowotcherera mwachisawawa m'mbali mwa ngolo n'chongodzinamiza. Tcheni cholumikiza ndi bawuti, chomanga mfundo kapena cha mphete zotamuka chitayidwe.

Malamulo omwewo a ku United States amati makina olemera makilogalamu 4,536 kapena kuposa amangidwe ndi zomangira zosachepera zinayi, zida zake monga loda zitsitsidwe n'kumangidwa pazokha, ndipo WLL ya zomangira zonse pamodzi ifike theka la kulemera kwa katunduyo. Powerengera, tcheni chochoka pa ngolo n'kukathera pa thirakitala chimawerengedwa theka la WLL yake. Matcheni anayi a mamilimita 8 ndiye kuti 1,065 kuchulukitsa kanayi, 4,260, zomwe zaposa kutali 1,850 yofunika pa thirakitala yathu. Ngakhale thirakitala ili yopepuka kuposa malire amenewo, zinayi ndi zimene munthu wanzeru angamange: ngodya iliyonse tcheni chake ndi chokungira chake. Tcheni chimodzi chachitali chongodutsa pa chitsulo chokokera kuchoka mbali ina kupita ina chimalola thirakitala kuserereka cham'mbali, ndipo chikaduka kumbuyo konse kwamasuka.

Koma kukwanitsa lamulo si kutha kwa masamu. Matcheni akutsogolo amakokera kutsogolo, akumbuyo amakokera kumbuyo, kuti thirakitala ikhale yotambasulidwa pakati. Ndiye kuti pomanga mabuleki, ogwira ntchito ndi awiri akumbuyo okha. Ndipo si mphamvu yonse ya tcheni imene imaletsa kuyenda, zimatengera kupendekeka kwake. Pa madigiri 30 kuchokera pa matabwa, 87 peresenti ndi imene imaletsa thirakitala kupita kutsogolo. Pa 45 ndi 71 peresenti, pa 60 ndi theka. Matcheni awiri a mamilimita 8 pa madigiri 45 amagwira pafupifupi 3,020, kungoposa pang'ono 2,960 ija, ndipo akatsegukira cham'mbali nambalayo imatsikanso. Pa madigiri 60 amagwira 2,130, osakwana. Kumbuyo kwa thirakitala yotere kumafuna matcheni a mamilimita 10, ogona chogona. Tcheni choimirira njo chimaoneka chokungika bwino, koma chimangokokera pansi.

Pokoleka pakhale pa thupi lenileni la thirakitala. Kumbuyo, gwiritsani ntchito chitsulo chokokera, chija amati drawbar, ndi shako yokhala ndi chidindo cha WLL, kapena zungulizani pa nyumba ya ekiselo mutaona kuti palibe paipi ya mabuleki kapena waya. Kutsogolo, pabwino ndi pa felemu kapena pa chitsulo chokolekapo zolemetsa. Mathirakitala ambiri atsopano ali ndi mabowo omangira osonyezedwa m'buku. Mikono ya three-point, yokolekapo pulawo kumbuyo, ayi, chifukwa imakwera yokha ikakankhidwa. Shafiti ya PTO yozunguza zida kumbuyo, ndodo za chiwongolero, silinda ya hayidiloliki, shafiti ya 4WD, masitepe ndi ROPS, zonsezi ayi. Ndodo ya chiwongolero imapindika ndi chokungira chimodzi, ndipo mudzazindikira m'munda matayala akutsogolo akuyang'anizana. Dziwaninso kuti ekiselo yakutsogolo imayendera pa pini ya pakati, choncho kumanga ekiselo yokha sikuletsa thupi la thirakitala kupendama, ntchito imeneyo ndi ya matcheni akumbuyo.

Tsopano nkhani ya kunjanja ija. Ngolo ikagwa m'dzenje, thirakitala imafinya matayala ake n'kutsika masentimita awiri kapena atatu. Kwa kanthawi kochepa tcheni chimakhwepa. Ngowe yongokoleka m'mphepete mwa ngolo, kamwa lake likuyang'ana pansi kapena kumbali, imagwedera n'kugwa. Ikapanda kugwa, thirakitala pobwerera m'mwamba imakoka tcheni modzidzimutsa, ngati nyundo, ndipo kumenya kotereku kukabwerezedwa kambirimbiri ndi kumene kumatamula mphete ndi kung'amba zowotcherera. N'chifukwa chake mumakunga mpaka matayala ataphwa pang'ono moonekera. Tcheni muchidutsitse pa mphete kapena m'thumba la m'mbali mwa ngolo, n'kubwerera kudzadzikola chokha ndi ngowe yopanikiza mphete, moti ngakhale chitakhwepa ngoweyo ikhalebe m'malo. Chisapotoke. Kungani mosinthanasinthana, pang'ono kumbuyo, pang'ono kutsogolo, kuti musakokere thirakitala mbali imodzi. Mukamenya tcheni chokungika bwino ndi sipanala chimalira ngati chitsulo chimodzi, chokhwepa chimachita phokoso lobalalika.

Zokungira zilipo mitundu iwiri. Cha mkono wopinda n'chachangu, koma chimasunga mphamvu yambiri, ndipo chikapulumuka mkonowo umabwerera ndi liwiro loti n'kuthyola nsagwada. Kuwonjezera paipi pa mkono kuti mukunge kwambiri ndi kumene kumavulaza anthu ochuluka. Ngati mukugwiritsa ntchito chimenechi, imani kumbali kwa njira ya mkono, mukokere pansi ndi dzanja lotambasula, ndipo mukatseka mangani mkonowo ndi waya kapena mchira wa tcheni. Cha ratchet, chokunga popukusa mkono uku ndi uku, n'chochedwa koma chimakunga pang'onopang'ono ndipo sichimenya. Pa thirakitala chabwino ndi chimenecho.

Malamba ali ndi malo ake: pa thirakitala yaing'ono, pa baketi, pa chida chopepuka. Lamba wa mamilimita 50 amakhala ndi kansalu kolembedwa malire ake, ndipo wopanda kansaluko kapena wong'ambika m'mphepete sawerengedwa. Mdani wake ndi mpeni wa baketi ndi makhasu a pulawo, amene amamudula pang'onopang'ono ngolo ikamagwedezeka. Ikani chotetezera pa ngodya iliyonse yakuthwa. Mapini, top link (mkono wapamwamba wa three-point), zipika ndi makwerero zimangidwenso, pini ya kilogalamu imodzi ikagwa pamsewu imaswa galasi la wobwera pambuyo.

Pamsewu ndi potsitsa

Yezani kutalika kuchokera pansi kufika pa nsonga ya paipi ya utsi kapena denga, mulembe pa pepala n'kumata pamene mukuona. Malire amasiyana dziko ndi dziko: m'mayiko ambiri a ku Europe ndi mamita 4 m'mwamba ndi 2.55 m'lifupi, pamene ku United States m'lifupi ndi pafupifupi 2.6. Kupitirira malire a dziko lanu kumafuna chilolezo chapadera. Mawaya a magetsi ndi nthambi za m'misewu ya kumunda sizitsata malire amenewa.

Mukangonyamuka, yesani mabuleki pa liwiro la munthu woyenda pansi kuti mumve ngati ngolo ikugwira. Imani msanga, pambuyo pa makilomita ochepa, mukungenso matcheni, chifukwa dothi la pansi pa matayala limaphwanyika ndipo mphete zimakhazikika. Malamulo a ku United States amafuna kuyendera katundu m'kati mwa makilomita 80 oyamba, kenako maola atatu alionse kapena makilomita 240. Pa msewu wa mabampu, chitani pafupipafupi kuposa apo. Poima paliponse, yandikizani dzanja pa habu ya wilo lililonse. Kufunda n'kwabwinobwino, koma imodzi ikatentha kuposa zinzake ndiye kuti beringi ikutha kapena buleki yakakamira.

Mtunda woimira umakula mofulumira kuposa liwiro: pa makilomita 80 pa ola mumafuna mtunda woposa wa pa 60 ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Pa mtsetse lowetsani giya yotsika musanayambe kutsika, mabuleki muziponda mwamphamvu n'kusiya, osati kuwagoneka mpaka atenthe n'kusiya kugwira. Pokhota chepetsani liwiro musanalowe, pakuti thirakitala ili pamwamba ndipo ngolo imayamba kunyamula tayala woyendetsa asanamve kanthu. Ngolo ikayamba kugwedeza mchira, chotsani phazi pa mafuta, gwirani chiwongolero chowongoka, musayese kulimbana nayo ndipo musaponde mabuleki a galimoto mwamphamvu. Ngati muli ndi kabokosi kolamulira mabuleki a magetsi a ngolo, kafinyeni ndi dzanja kuti ngolo ikoke galimoto kumbuyo n'kuwongoka. Mukaima, sunthirani thirakitala kutsogolo, chifukwa ikagwedeza kamodzi idzagwedezanso.

Potsitsa, zonse za pokweza zibwerezedwe: malo osalala, zipika, zochirikiza mchira, makwerero okoleka. Musanamasule kanthu, yang'anani chizindikiro cha penti chija. Ngati tayala lachokapo, kapena matcheni a mbali imodzi ndi olimba kwambiri pamene enawo ndi okhwepa, thirakitala yasuntha ndipo ikutsamira pa matcheniwo. Kwerani muone handibuleki, tchingirani matayala ake, kenako masulani pang'onopang'ono, kuyamba ndi okhwepawo, mutaima kumbali. Lizani injini mutakhala pa mpando, dikirani hayidiloliki idzaze, kwezani zida pang'ono pokha. Tsikani ndi giya yotsikitsitsa, injini ndiyo izigwira thirakitala, phazi lili kutali ndi kilatchi. Muwongole matayala musanafike pa makwerero, chifukwa akutsogolo akangoyamba kutsika, kukhotetsa chiwongolero kumakankhira chokwerera kumbali.